Za chipewa cha timagetsi tofiira chija, tamvera msuweni

Eee msuweni, uthenga wako ndauona pagulupu. Ndingoyankhula, kulemba kutalika. Wafunsa za chipewa chija wachiona pa Facebook, chokhala ndi timagetsi tofiira m'kati, akuti chimachiza munthu amene anavulala ubongo pangozi, ngati ndi zoona kapena ndi malonda chabe. Kenako wawonjezera kuti ukungofunsa. Iwe? Kungofunsa? Iwe ukafunsa za chinthu ndiye kuti unayeza kale pochiika m'nyumba, tinakula limodzi. Ndi za alamu izi, amuna ako amene anavulala m'mutu pangozi ija, ndadziwa.

Chabwino. Bodza lenileni si bodza ayi, pali pamene zinachokera. Mu 1967 ku Budapest, dziko la Hungary, dokotala wina dzina lake Endre Mester ankawalitsa laser yofooka, kuwala kolunjika malo amodzi, pa mbewa zimene anazimeta, n'kuona kuti ubweya ukumera msanga kuposa pa zinzake. Kuyambira pamenepo anthu akhala akuyesa kuwala kofiira, ndi kwina koyandikana nako kumene maso sakuona, amati near-infrared, pa zilonda ndi pa ululu, ndipo pano afika pa ubongo. Ganizo lake ndi loti m'maselo muli tizigawo topanga mphamvu, ma mitochondria, ndiye kuwalako kukatifika timagwira ntchito bwinoko, magazinso n'kumayenda bwino pamalopo. Ku Boston, mayi wina wofufuza, Margaret Naeser, mu 2014 anayesa anthu 11 amene anavulala m'mutu kalekale. Anawawalitsa maulendo 18 pa masabata 6, ndipo pa mayeso a kukumbukira ndi kuganiza anakhoza bwinoko. Koma 11 okha, wamva? Komanso panalibe gulu lina loyerekeza nalo, loti laikidwa timagetsi tozima.

Dikira kaye, ndisanapitirize. Ukuwakumbukira amalume chaka chimene anagwa padenga chija? Iwe unali wamng'ono... ayi, sunali wamng'ono kwenikweni, ndi chaka cha mkangano wa galimoto uja, unali utayamba kale kudzikongoletsa pagalasi la anti mpaka kuchedwetsa aliyense. Eya, chaka chimenecho.

Amalume anatuluka m'chipatala akuyenda okha, bala litapola, tonse n'kumati Mulungu ndi wabwino, achira. Koma amene anabwera kunyumba uja sanali amalume amene tinkawadziwa. Munthu woti ankakonza mawailesi a aliyense, nyumba yonse phokoso lokhalokha, tsopano mwana akangogwetsa supuni ankagwira mutu n'kukalipa. Ankalowa kuchipinda n'kuima, osadziwa chimene alowera. Masana tulo, usiku maso gwa. Ndiye akuluakulu anakhala pansi, ukudziwa amene ankatsogolera, sinditchula pagulupu pano, n'kumawadzudzula kuti ayamba mwano, akuzunza mkazi, asinthe khalidwe. Amalume anangokhala chete misozi ikutsika. Ine ndinali pakhomo ndikusuzumira, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa sunali mwano. Mbali yakutsogolo ya ubongo, kuseri kwa chipumi, ndi imene imathandiza munthu kudzigwira ndi kukonza zochita, ndipo pa ngozi zambiri za m'mutu imavulala ndi imeneyo. Bala la kunja limapola anthu akuona, la m'kati palibe amaliona.

Ndiye anti. Aa, anti anavutika. Aliyense wobwera kudzazonda ankasiya dzina la mankhwala, uyu akuti awa, uyo akuti awo, iwo n'kumagula. Makina awo osokera aja unkawafunsa kuti anapita kuti, anapita kumeneko. Sikuti anali opusa, anti anali ochenjera kuposa tonsefe. Ankaopa kuti tsiku lina wina adzanena kuti pakanakhala chakuti bwenzi atachira, koma mkazi wake anaumira. Chimene chinadzathandiza n'zinthu zosaoneka ngati mankhwala n'komwe. Kabuku kaja amalume ankayenda nako m'thumba la malaya, kolembamo chilichonse. Kugona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Mowa anasiyiratu. Ntchito anayambiranso pang'onopang'ono, wailesi imodzi, akatopa n'kusiya, osati kukakamira. Patapita nthawi yaitali ndithu anayambanso kuseka, ngakhale phokoso sanalizolowerenso mpaka kumwalira kwawo. Anti anadzandiuza ndili wamkulu kale kuti pa nthawi yonseyo anthu ankafunsa kuti odwala agona bwanji, koma panalibe anafunsapo kuti nanga inu mwagona bwanji.

Mmm. Ndinali pati? Eya, chipewa.

Kafukufuku wooneka bwino anachitika ku chipatala cha Massachusetts General Hospital, ku Boston komweko, anatuluka mu 2020. Anatenga odwala 68 ovulala m'mutu mwapakatikati, ena n'kuwaveka chipewa chowala, ena chozima, mphindi 20 ulendo uliwonse, ndipo ankayamba pasanathe maola 72 ngozi itachitika. Tamva pamenepo, maola 72, pamene alamu papita miyezi. Anapeza kuti sichinavulaze munthu, ndipo pa zithunzi za sikani ya MRI panaoneka kusiyana m'njira za ubongo. Koma atatulutsa zotsatira zina mu 2024, sanapeze umboni woti ovala chowala aja anachira kuposa anzawo. Chithunzi kusintha ndi nkhani ina, munthu kusiya kuiwala ana kusukulu ndi nkhani inanso. Pa sitiroko anayesanso laser yapamutu pa anthu mazanamazana, kafukufuku wotchedwa NEST-3, n'kumuimitsa panjira mu 2012 ataona kuti sikuthandiza.

Palinso ichi chimene otsatsa sanena. Kuwalako kuyenera kudutsa tsitsi, khungu ndi chigaza, ndiye kofika pa ubongo ndi kochepa zedi. Tsitsi lakuda ndi khungu lakuda zimamwa kuwala kwambiri kuposa zoyera, ndiye zotsatira za munthu wina sungangozitenga n'kuziika pa alamu. Zipewa zogulitsa pa intaneti nazonso n'zosiyanasiyana, zina zili ndi kagetsi kolowetsa m'mphuno, mphamvu zake sizifanana. Ku America, bungwe la boma loona za mankhwala la FDA silinavomereze zimenezi ngati chithandizo cha ubongo wovulala. Zambiri amazigulitsa ngati zinthu zongothandiza kuti munthu azimva bwino m'thupi, ndiye wogulitsa sakakamizidwa kuonetsa umboni woti zimachiza.

Koma msuweni, iwe sunafunse za FDA. Iwe ukufunsa ngati bambo a ana ako adzabwerere mmene analili, ndiponso ngati ukapanda kugula chinthuchi ndiye kuti wawataya. Ayi. Kusagula chipewa si kuwataya alamu. Wakhala nawo kuyambira tsiku la ngozi, ukuwasambitsa, ukupirira mawu amene sakanakuyankhula ali bwino. Palibe pagulupu pano angakuloze chala, ndipo akayerekeza ayambe wakumana ndi ine.

Chimene ndikufuna uchite ndi ichi. Pobwerera kwa dokotala usakangonena kuti ali bwino, monga umachitira iwe ndi ulemu wako uja. Lemba papepala: tulo sakugona, mutu ukuwawa kangati, akukwiya pa zinthu ziti, akuiwala zotani. Ufunse za fiziyo, za akatswiri ophunzitsa munthu kuyambiranso ntchito za tsiku ndi tsiku, ndi za aphungu a maganizo, chifukwa kukhumudwa kumabwera kawirikawiri munthu akavulala ubongo ndipo kuli ndi chithandizo chake. Chithunzi cha chipewacho ukamuonetsenso dokotalayo, palibe cholakwika. Ngati anapatsidwa mankhwala oletsa kukomoka, asasiye chifukwa cha chipangizo chilichonse. Ndipo tamvetsetsa apa: mutu ukayamba kuwawa mowonjezereka, akayamba kusanza, kusokonezeka, kugona kosadzutsika, kufooka mbali imodzi kapena kugwa ngati khunyu, ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi amatha kudontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza ngakhale patapita masabata, ndipo chimaona zimenezo ndi sikani, osati timagetsi.

Ndiye ndibwereze, poti ndikudziwa umvera uku ukuchapa uku ukukalipira ana. Chipewacho mwina tsiku lina adzapeza kuti chimathandiza, ofufuza sanasiye, inenso ndikufunitsitsa zitatero. Koma lero usagulitse kanthu kako chifukwa cha icho, usatsate njira ya makina a anti. Ukachisiya sunalephere, sunaumire, sunawataye amuna ako.

Achimwene, ndikuona mwatsegula uthengawu, musangotumiza kachithunzi ka manja opemphera. Loweruka ndikupita kukakhala ndi alamu kuti mwanayu agone tulo lenileni, inu mutenge Lamlungu, ndipo pa tsiku la kuchipatala pakufunika wina woperekeza amene azikalemba zonena dokotala. Msuweni, unditumizire tsikulo, ndi mayina a mankhwala onse amene akumwa, ujambule mabotolo ake bwinobwino zilembo zizioneka.