Mlongo wanga anagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo asakufuna: kodi n'zololedwa?

Mayi wina watilembera imelo. Akuti mlongo wawo wazaka 29 anatha masiku anayi osagona, akulankhula zosagwirizana, mpaka abale anamugwira n'kupita naye kuchipatala iye akukana. Kumeneko anamumangirira pabedi n'kumubaya jakisoni, ndipo ino ndi sabata yachitatu asanauzidwe tsiku lotuluka. Akufunsa kuti: "Kodi zimenezi n'zololedwa? Ineyo ndinagwira nawo, ndiye mtima sukukhala m'malo. Ndichite chiyani?"

Mayi, nkhani ya malamuloyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo ndi bwino mudziwe zonse.

Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lotchedwa CRPD, linavomerezedwa mu 2006 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2008. Limatetezanso anthu amene ali ndi matenda a maganizo okhalitsa. Ndime 12 imati pamaso pa lamulo munthu waulumali ali ndi mphamvu yodzisankhira zochita ngati wina aliyense. Ndime 14 imati ulumali usakhale chifukwa chotsekera munthu, ndipo ndime 25 imati chithandizo chiperekedwe munthu atauzidwa zonse n'kuvomera mwakufuna kwake. Mu 2014 komiti yoyang'anira panganoli inanena mosapsatira kuti mchitidwe wosankhira munthu uthe, m'malo mwake athandizidwe kusankha yekha. Chaka chotsatira inawonjezera kuti ngakhale kunena kuti munthuyo angadzipweteke kapena kupweteka ena sikupereka chilolezo chomutsekera pa chifukwa cha matenda ake.

Si onse anagwirizana nazo. Komiti ina ya United Nations, ya Human Rights Committee, mu 2014 momwemo inati kugoneka munthu mokakamiza kungaloledwe ngati njira zina zonse zakanika, kwa nthawi yaifupi kwambiri, ndiponso nkhaniyo iziunikidwa ndi bwalo lamilandu kapena gulu loima palokha. Mayiko monga Australia ndi Norway, polowa m'panganoli, ananeneratu kuti akulimva choncho. Malamulo a mayiko ambiri akadali kumbali imeneyi. Ndiye n'kutheka kuti kugonekedwa kwa mlongo wanu n'kololedwa ndi lamulo la kumene muli. Koma ife tikuona kuti chilolezo cha usiku umodzi wa ngozi sichingakhale chilolezo cha masabata atatu munthu osafunsidwa kalikonse, ndipo apa m'pamene inu mungagwire ntchito.

Pitani mukaonane ndi dokotala amene akumuyang'anira. Mufunseni kuti mlongo wanu akusungidwa pansi pa ndime iti ya lamulo, anasaina ndani, chilolezocho chikutha liti, ndipo amene sakugwirizana nacho akadandaule kuti. Mayankho muwalembe pamodzi ndi tsiku. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti munthu amalembedwa ngati wabwera yekha mwakufuna kwake pomwe chitseko n'chokhoma. Zikatero palibe tsiku lomuunikanso, chifukwa papepala sanatsekeredwe.

Funsaninso kuti anamuyeza liti ngati angathe kupanga chisankho. Kuyeza kwake kumaona zinthu zinayi: kodi akumvetsa zimene akuuzidwa, akutha kuzisunga m'mutu, akutha kuyerekeza ubwino ndi kuipa kwake, nanga akutha kunena chimene wasankha? Kuyezaku n'kwa chisankho chimodzi pa nthawi imodzi. Munthu amene sankamva kanthu tsiku loyamba angathe kumvetsa bwinobwino pa tsiku lachisanu. Ndipo kukana mankhwala pakokha si umboni woti mutu sukuyenda. Musaiwale kufunsa ngati anamuyeza thupi, chifukwa malungo, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga, khunyu kapena kusiya mowa mwadzidzidzi zimasokonezanso mutu, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Za jakisoni tikhalepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amadana ndi chipatala kuyambira pamenepa. Mankhwala monga haloperidol ndi chlorpromazine amathandizadi, koma ali ndi zovuta zake. M'masiku oyambirira khosi lingapindike, lilime kutuluka, maso kutembenukira kumwamba. Zimenezi zimapweteka ndi kuopsa kwambiri, chonsecho zimatha msanga munthu akalandira mankhwala monga benzhexol kapena biperiden. Vuto lina ndi kusakhazikika, munthu kumangoyendayenda osatha kukhala pansi. Osazindikira amati matenda akula n'kuwonjezera mlingo, vuto n'kukulirakulira. Mukaona thupi latentha, minofu yauma gwaa, thukuta likutuluka ndipo munthuyo wasokonezeka, itanani dokotala nthawi yomweyo, poti zimenezo zimapha. Dziwaninso dzina la jakisoniyo. Wina amatha m'thupi pa maola ochepa, pomwe wina, monga fluphenazine decanoate, amakhalamo masabata angapo ndipo akalowa sangachotsedwe. Wamtundu wachiwiriwu si wogwiritsa ntchito pa ngozi yadzidzidzi, ndipo kumubaya munthu amene sanafunsidwe ndi nkhani yoyenera kudandaula.

Kumangirira munthu si mankhwala. Munthu womangidwa chafufumimba, kapena wopanikizidwa pamsana ndi pachifuwa, angathe kubanika n'kumwalira pa mphindi zochepa, makamaka ngati wangobayidwa kumene mankhwala ogonetsa. Akakhala womangidwa maola ambiri, magazi angaundane m'miyendo. Kumene lamulo likulolabe zimenezi, payenera kukhala namwino womuyang'anira nthawi yonse, madzi akumwa, mwayi wopita kuchimbudzi, ndiponso zolembedwa zosonyeza nthawi imene anamangidwa, chifukwa chake ndi nthawi imene anamasulidwa. Funsani ngati zinalembedwa. Ngati munaona mabala m'manja kapena m'miyendo, lembani tsiku, ndipo dandaulo lanu lipite kwa mkulu wa chipatala kapena ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe.

Koma zonsezi musazichite kumbali, mwini wake osadziwa. Mufunseni mlongo wanu chimene akufuna, amene akufuna kuti azimulankhulira, ndi zimene sakufuna kuti abale auzidwe. Mwina akukwiyirani, ndipo ali ndi chifukwa. Mumuuze zoona zake, kuti munachita mantha.

Akatuluka n'kupezako bwino, khalani pansi limodzi ndi dokotala kapena namwino, iye alembe zofuna zake matenda akadzabweranso: zizindikiro zimene zimayamba, monga kusagona masiku awiri, woyamba kuimbiridwa foni, mankhwala amene amamuyanja ndi amene anamupinda khosi, zimene zimamukhazika mtima pansi, ndi amene sakufuna kuti amugwire. Asaine n'kulemba tsiku. Pepala limodzi lilowe m'fayilo yake kuchipatala, lina asunge yekha, lina musunge inuyo. Mankhwala asasiye mwadzidzidzi, chifukwa matenda amatha kubwerera mwamphamvu. Ngati akufuna kuchepetsa, achite pang'onopang'ono mogwirizana ndi dokotala, ndipo zimenezonso zilembedwe papepala lomwelo.