Ndimawerenga Loweruka lokha, kodi GMAT ndikhoza?

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Ndikufuna kuchita maphunziro a MBA (digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi), ndipo sukulu imene ndasankha ikufuna zotsatira za mayeso a GMAT, olowera kusukulu za bizinesi. Kwatsala miyezi itatu. Ndimagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, kunyumba kuli ana awiri, ndiye ndimawerenga Loweruka lokha, m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Koma pofika Loweruka linalo zonse zimakhala zauluka. Nditani? Ndine mayi wothedwa nzeru.

YANKHO: Mayi, mutu wanu uli bwinobwino. Cholakwika ndi Lowerukalo. Nanenso ndinayamba choncho: pofika masana maso ali pa buku koma maganizo ali kwina, tsamba limodzi kuliwerenga katatu.

Taonani mmene mayesowa alili. Ali ndi zigawo zitatu, chilichonse cha mphindi 45: Quantitative Reasoning (mafunso 21 a masamu), Verbal Reasoning (mafunso 23 a kumvetsa ndi kusanthula zolembedwa m'Chingerezi) ndi Data Insights (mafunso 20 a matebulo ndi magirafu). Funso lililonse limakupatsani mphindi ziwiri kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ku Verbal sizikwananso n'komwe. Choncho chimene thupi lanu liyenera kuzolowera ndi kukhala pansi mphindi 45 osadzuka, osagwira foni. Zimenezi zimatheka tsiku lililonse, ana asanadzuke kapena akagona. Pang'onopang'ono ndi mtolo, mayi: masiku asanu oterowo amaposa Loweruka lanu lathunthu.

Musanatsegulenso buku, Loweruka lino lembani mayeso oyeserera. GMAC, bungwe limene limayendetsa GMAT, limapereka awiri aulere pa mba.com. Malikisi amayambira 205 kulekeza 805. Yerekezani zomwe mwapeza ndi zomwe sukulu yanu imafuna, mudziwe kumene kukudontha. Ambirife timakonda kubwereza zimene tikuzidziwa kale chifukwa zimatisangalatsa.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kope la zolakwa. Funso lililonse limene ndalakwa ndinkalemba chifukwa chake: sindinadziwe njira, sindinawerenge bwino, kapena nthawi inandithera. Patatha masabata awiri ndinachita manyazi. Tsamba lonse linali "sindinawerenge bwino". Funso likufuna x + 1, ine ndapeza x n'kuthamangira kusankha, pakuti olemba mayesowa yankho lolakwikalo amaliika dala pamenepo, likukudikirani. Ndikanapanda kopelo ndikanangogula buku lina la masamu, pomwe matenda anali phuma. Ndiye mukatha mphindi 45 zanu, onjezerani 15 zolemba m'kope. Tsiku limene nthawi yachepa, kuli bwino muchepetse mafunso koma kopelo musalisiye.

Loweruka lisakhalenso la tsiku lonse. Maola atatu akwana, obwereza za m'kope. Pakatha masabata atatu alionse lembani mayeso athunthu, maola awiri ndi mphindi 15, kupuma kamodzi kokha kwa mphindi 10 monga zidzakhalire tsikulo. Masamu muzichita pamanja, chifukwa kakyuleta imaloledwa ku Data Insights kokha. Muyeserenso dongosolo la zigawo, poti mumasankha nokha choyambira. Funso likakukanikani musalimbane nalo. Sankhani yankho, liikeni chizindikiro, pitirirani. Nthawi ikatsala mumaloledwa kusintha mayankho atatu pa chigawo.

Chenjezo limodzi: ngati mabuku anu ndi obwereka kwa amene analemba kale, onani chaka. Mayeso akale anatha mu Januwale 2024, ndipo atsopanowa alibe chimangirizo, alibe Sentence Correction (kukonza ziganizo), alibenso mafunso a geometry (masamu a maonekedwe a zinthu). Musatayirepo tulo.

Tsiku lolemba lisungitseni lero, koma lisagundane ndi tsiku lomaliza lotumiza mafomu kusukulu. Zikapanda kuyenda bwino, muyenera kudikira masiku 16 kuti mulembenso, ndiye siyani mpata wa mwezi. Ndipo bambo akunyumba kapena aliyense amene mumakhala naye muwauziretu kuti Loweruka la mayeso oyeserera ana ndi awo mpaka masana.