Mpamba woyambira pa masewera a mpikisano wa mahatchi: hatchi imodzi yodula kapena atatu otchipa?

Alangizi,

Ndalembetsa kumene pa masewera ena a pa intaneti momwe munthu amakhala mwini khola la mahatchi othamanga. Umagula mahatchi, kuwaphunzitsa, kuwalowetsa m'mipikisano ndi kuwabereketsa, zonsezi pakompyuta. Aliyense woyamba amapatsidwa ndalama za mumasewera zokwana 100,000. Kusunga ndi kuphunzitsa hatchi imodzi kumadya 800 pa sabata, ndipo kuilowetsa mumpikisano umodzi, pamodzi ndi malipiro a wokwera ndi mayendedwe, kumafika 1,000. M'mipikisano yapansi mphoto yonse imakhala 10,000. Pa okushoni ndaona kamwana ka hatchi ka chaka chimodzi, bambo wake anapambana mipikisano ikuluikulu, ndipo mtengo wake wafika 85,000. Mtima wanga uli pomwepo. Mnzanga akuti ndisiye zothamangitsa, ndigule zazikazi zobereketsa chifukwa ndalama zili kumeneko. Palinso mwayi wobetcha, komanso wogula ndalama zina za mumasewera ndi ndalama zenizeni. Kodi ndiyambire pati?

Wowerenga wanu.

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha kalata yanu, makamaka poti mwaika manambala, pakuti ambiri amene amandilembera amandiuza mtengo wogulira chinthu koma satchula zimene chinthucho chizidzadya chikalowa m'manja mwawo. Yankho langa ndi lakuti kamwana ka 85,000 kaja mukasiye kapite kwa wina, ndipo chifukwa chake chili m'manambala anu omwewa.

Mukalipira 85,000 mutsala ndi 15,000. Hatchi ya chaka chimodzi siithamanga mpikisano, chifukwa mahatchi amayamba kupikisana akakwanitsa zaka 2, ndipo masewera ambiri amatsatira lamulo lomweli. Choncho sabata iliyonse 800 izichoka popanda cholowa, ndipo pakatha masabata 18 ndalama yotsala siidzakwananso ngakhale sabata ina imodzi. Ngati chaka cha mumasewera anu ndi chachifupi kuposa pamenepo, mudzafika pa tsiku la mpikisano woyamba muli ndi kandalama kolowetsera maulendo ochepa chabe, hatchi yake imene simunaionepo ikuthamanga ndi kamodzi komwe. Ikangovulala kapena kupezeka kuti ndi yaulesi, khola lonse lagwa tsiku lomwelo. Amalonda ambiri ndawaona akugwa mwanjira imeneyi, wina atagula makina apamwamba n'kusowa yogulira katundu woti makinawo agwirepo ntchito. Mpamba sutanthauza katundu yekha amene mwagula, koma umaphatikizanso ndalama imene imayendetsa bizinesi kufikira katunduyo atayamba kubweza.

Ndikudziwa kuti chimene chakukokani ndi dzina la bambo wake wa kamwanako, ndiye ndichedwepo pang'ono pa nkhani ya mtundu. Mahatchi onse othamanga a mtundu wa Thoroughbred, mukatsata mzere wa kuchimuna, amakathera kwa atatu okha amene anabweretsedwa ku England zaka zoposa 250 zapitazo: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Ndiye kuti hatchi iliyonse pamsika ili ndi makolo otchuka kwinakwake, ngakhale imene imamaliza kumbuyo nthawi zonse. M'chaka cha 1983, pa okushoni ya ku Keeneland ku America, hatchi ya chaka chimodzi yotchedwa Snaafi Dancer, mwana wa hatchi yotchuka kwambiri yotchedwa Northern Dancer, inagulidwa pa madola 10.2 miliyoni, koma sinathamangepo mpikisano ngakhale umodzi. M'chaka cha 2006 The Green Monkey inagulidwa pa madola 16 miliyoni ku Florida, inathamanga katatu kokha, ndipo pabwino pamene inafika ndi pa nambala 3. Pamene Seattle Slew, imene inagulidwa pa madola 17,500 okha m'chaka cha 1975, inapambana mipikisano yonse itatu ikuluikulu ya ku America, imene amaitcha Triple Crown, m'chaka cha 1977 isanagonjepo. Amene anagula mahatchi odula aja anali akatswiri okhala ndi madokotala a ziweto ndi alangizi awo, ndipo analinso ndi mahatchi ena ambiri oti aphimbe chitayiko. Okonza masewera amatengera khalidwe lomweli: kompyuta imasakaniza manambala a makolo awiri n'kuwonjezerapo mwayi, ndipo gawo lina la manambalawo limabisidwa kufikira hatchi itathamanga. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa okushoni ya ana a mahatchi palibe amene amaloledwa kung'amba mkuyu asanalipire.

Ndikanakhala inu ndikanagula mahatchi atatu a zaka 3 mpaka 5, amene athamangapo kale maulendo angapo, pa mtengo wa pafupifupi 15,000 iliyonse. Hatchi yotere siibisa kanthu chifukwa mbiri yake inalembedwa, ndipo ikhoza kulowa mumpikisano sabata yomweyo. Musanyoze mfule. Popeza hatchi yofulidwa singabereke, anthu amene maso awo ali pa zobereketsa amailambalala ndipo mtengo wake umatsika, chonsecho liwiro lake lili pomwepo, ndipo inu pakadali pano mukufuna liwiro. Ngati masewera anu ali ndi mipikisano imene amaitcha claiming, yambirani kusakasaka kumeneko. Mumpikisano wotere hatchi iliyonse yolowa imakhala pamalonda pa mtengo woikidwiratu. Wofuna kugula amapereka pempho mpikisano usanayambe, mphoto ya tsikulo imapita kwa mwini wakale, hatchiyo n'kupita kwa mwini watsopano. Dongosolo limeneli ndi lofala kwambiri ku America, ndipo ubwino wake ndi wakuti palibe amene amalowetsa hatchi ya 60,000 mumpikisano wa 15,000 poopa kulandidwa, motero mahatchi opikisana amakhala a mphamvu zofanana. Mukumbukire kuti lamulo lomweli lidzakukhudzani inunso tsiku limene mudzalowetse yanu.

Posankha, tsegulani tsamba la mbiri ya hatchi n'kuwerenga mzere ndi mzere, osangoyang'ana chiwerengero cha maulendo amene inapambana. Tiyerekeze kuti mwapeza ina imene pa mtunda wa mamita 1,200 inamaliza pa nambala 2, 3, 2 ndi 1, kenaka mwini wake anaikweza ku mamita 2,000 komwe inamaliza pa nambala 8 ndi 9, ndipo tsopano akuigulitsa motchipa chifukwa wakhumudwa. Hatchi imeneyi siinafooke ayi, koma yakhala ikuthamangitsidwa mtunda umene si wake, ndipo mukaibwezera ku mamita 1,200 mudzakhala mwagula katundu wabwino pa mtengo wa katundu wowonongeka. Masamba ambiri amalemba mitunda m'ma furlong, ndipo furlong imodzi ndi pafupifupi mamita 201, ndiye mukaona 6 dziwani kuti ndi mamita 1,200 aja, mukaona 10 ndi pafupifupi mamita 2,000, womwe ndi mtunda wa mpikisano wotchuka wa ku America wotchedwa Kentucky Derby. Onaninso ngati imachita bwino pa udzu kapena pa dothi, pouma kapena ponyowa. Mahatchi anu atatuwo asakhale ofanana m'zonse, kuti asamalimbirane mpikisano umodzi ndiponso kuti sabata iliyonse pazipezeka poti mmodzi alowe.

Tsopano tiwerengere ngati khola lotere lingadzidyetse lokha, chifukwa apa ndi pamene ambiri sawerengera. Hatchi imene ikuthamanga kamodzi pa masabata awiri imadya 1,600 ya kusunga ndi 1,000 ya mpikisano, zonse pamodzi 2,600, ndipo pa mipikisano isanu, kutanthauza masabata 10, yadya 13,000. Kagawidwe kofala ka mphoto ndi kakuti woyamba amatenga pafupifupi 60 peresenti, wachiwiri 20 peresenti, wachitatu pafupifupi 10 peresenti, zotsalazo n'kugawidwa kwa otsatira. Pa mphoto ya 10,000 ndiye kuti 6,000, 2,000 ndi 1,000. Hatchi imene pa maulendo asanu yapambana kamodzi, yakhala yachiwiri kawiri, yachitatu kamodzi, n'kulephera kamodzi, imaoneka ngati yochita bwino, koma yabweretsa 11,000 yokha, ndiye kuti yakudyerani 2,000. Imene yapambana kawiri n'kukhala yachiwiri kamodzi yabweretsa 14,000, ngakhale maulendo awiri enawo itabwera chimanjamanja. Phunziro lake ndi lakuti phindu lagona pa kupambana, ndipo kupambana kwagona pa kusankha mpikisano. Musanalipire yolowera, onani mayina a amene alowa kale ndi mbiri zawo. Ngati mwa opikisanawo muli atatu amene mwachidziwikire amaposa hatchi yanu, sungani 1,000 yanu mudikire mpikisano wina. Mtima umafuna kuona hatchi yako pa mpikisano waukulu wa mphoto yonona, koma nambala 7 pa mphoto ya 100,000 kawirikawiri siibweretsa kanthu, pamene nambala 1 pa mphoto ya 10,000 imadyetsa hatchiyo kwa mwezi wathunthu.

Mahatchi atatu adzadya 39,000 pa masabata 10, choncho 40,000 muiike padera ngati ndalama yoyendetsera khola, ndipo muziiona ngati yatha kale. Ndi imene idzakupatseni mtima wopumitsa hatchi yotopa, m'malo moithamangitsa mowirikiza chifukwa chosowa ndalama mpaka ivulale. Yotsala 15,000 ndi yodikirira mwayi. M'masewera otere nthawi zonse mumakhala anthu amene anachita zimene inu munafuna kuchita, ndipo ndalama zikawathera amagulitsa mahatchi abwino mofulumira pa mtengo wogwetsa. Amene amatola mahatchi amenewa ndi yekhayo amene ali ndi ndalama m'manja tsiku limenelo.

Mnzanu sakunama kuti kubereketsa kuli ndi ndalama, koma walakwitsa nthawi. Hatchi yaikazi imatenga bere pafupifupi miyezi 11, ndipo mwanayo amayamba kupikisana ali ndi zaka 2, ndiye kuchokera tsiku lolipira mwini wa yaimuna kufikira mphoto yoyamba pamadutsa zaka pafupifupi zitatu za mumasewera, inu mukudyetsa mayi ndi mwana yemwe. Ntchito imeneyi imayenera khola limene lili kale ndi mahatchi obweretsa ndalama. Chimene mungachite panopa ndi kuonetsetsa kuti mwa atatu aja imodzi ndi yaikazi ya makolo abwinoko, kuti ikadzamaliza kuthamanga idzakhale chiyambi cha zobereketsa zanu popanda kugulanso ina.

Za kubetcha sinditalikitsa. M'dongosolo lofala la pa mipikisano ya mahatchi, ndalama za obetcha onse zimasonkhanitsidwa pamodzi, eni ake n'kuchotsapo gawo lawo, lomwe nthawi zambiri limakhala pakati pa 15 ndi 25 peresenti, ndipo opambana amagawana zotsalazo. Obetcha onse pamodzi amalandira zochepa kuposa zimene anaika, mpikisano uliwonse. Ndalama yoyendetsera khola isapiteko.

Nkhani imene ikundikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi ya ndalama zenizeni, ndipo ndikupemphani muimvetse bwino. Ndalama 100,000 mwapatsidwazo mukazitaya, mwataya nthawi yokha ndipo mwaphunzirapo kanthu. Koma ndalama yochokera m'thumba mwanu ikalowa m'masewera, muiwerengere ngati yolipirira chisangalalo, osati ngati mpamba umene mwaika pa bizinesi. Hatchi ya pakompyuta ndi manambala osungidwa pa makina a kampani ina, ndipo kampaniyo ikhoza kusintha malamulo, kuchulukitsa mahatchi mpaka mitengo kugwa, kapena kutseka masewerawo inu osafunsidwa. Masewera a ZED RUN, amene anayamba m'chaka cha 2019, anatchuka kwambiri m'chaka cha 2021 pamene mahatchi ena a pakompyuta ankagulidwa pa madola masauzande ambiri, koma msika wa katundu wotere utazilala m'chaka chotsatira, mitengo inatsika kwambiri ndipo ogula mochedwa anasowa wowagula pa mtengo umene iwo analipira. Ngati mwasankha kuikamo kanthu, werengani kaye ngati malamulo amalola kutulutsa ndalama ndiponso amadula zingati, kenaka dziikireni malire a pa mwezi amene sangakhudze za pakhomo, za sukulu ya ana kapena mpamba wa bizinesi yanu yeniyeni. Musakongole ndalama chifukwa cha masewera. Mukadzaona kuti mukugula ndalama zina n'cholinga chobweza zimene munataya dzulo, dziwani kuti zasanduka juga, ndipo muime pomwepo n'kuuza munthu amene mumamukhulupirira.

Kuyambira tsiku loyamba tsegulani kaundula, tsamba limodzi pa hatchi iliyonse, momwe muzilemba mtengo wogulira, zimene yadya sabata iliyonse, mtunda ndi bwalo la mpikisano uliwonse, nambala imene yamaliza ndi mphoto imene yabweretsa. Pakatha masabata 10, imene yalephera kubweza ngakhale theka la zimene yadya muitsitse ku mipikisano yocheperapo kapena muigulitse, ngakhale ikhale imene mumaikonda. Mukaona kuti mphoto zakhala zikuposa zotuluka ndipo 40,000 ija yabwerera m'malo mwake, pamenepo mukhoza kupita ku okushoni ya ana a mahatchi ndi phindu lokhalo. Dzina la kamwana ka 85,000 kaja mulilembenso m'kaundulamo, ndipo kakadzayamba kuthamanga muzitsata zotsatira zake pamodzi ndi za ena asanu amene anagulidwa modula pa okushoni yomweyo, kuti podzafika nthawi yanu yogula mudzakhale mukudziwa kuti m'masewera anuwo mtengo ndi liwiro zimayenderana mpaka pati.