Mukachotsa mtundu pa mchenga wa ku Namib, chimatsala n'chiyani?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene akugwira ntchito ku Cape Town. Pa tchuthi anakwera nawo galimoto ya anzake mpaka ku Sossusvlei, m'chipululu cha Namib ku Namibia, anajambula mapiri a mchenga ndi mitengo youma ya pa dambo louma la Deadvlei, ndipo atabwerako anasandutsa zithunzizo kukhala zakuda ndi zoyera n'kuziika m'gulu lina la ojambula pa Facebook. Wina anati n'zopanda moyo, awonjezere Contrast, batani losiyanitsa zowala ndi zakuda. Anawonjezera. Wina anati thambo alidetse. Analidetsa. Pano akuti zikuoneka zauve, ndipo wanditumizirako zingapo. Funso lake: ndimvere ndani, nanga ndizikonze bwanji?

Achimwene, mwandikanda pachilonda, ndiye mupirire, ndilankhula kaye.

Ine ndinayamba kujambula nthawi ya filimu, pamene munthu umajambula ukwati Loweruka n'kudzaona zomwe wachita pakati pa sabata ukakatsukitsa. Mkulu amene ankandiphunzitsa anali ndi kasitudiyo kuseri kwa golosale, ndipo ntchito yathu yaikulu inali zithunzi za ziphaso ndi za ana a sukulu olembetsa mayeso. Iyeyo akatenga chithunzi changa sankanena kuti n'chabwino kapena n'choipa. Ankachiika patebulo n'kufunsa kuti, “Diso lako lafikira pati?” Ndikaloza, ankafunsanso, “Ndi pomwe umafuna?” Basi, phunziro latha, bwerera ukasese. Munthuyo sanaonepo chipululu m'moyo mwake, koma mpaka lero sindinapeze wounika zithunzi womuposa.

Patapita zaka ndili ku Joni, ndinalowa kalabu ina ya ojambula, ya anthu a makamera odula kuposa lendi yanga ya chaka chonse. Mwezi ndi mwezi kunkabwera woweruza, zithunzi zinkaonetsedwa pakhoma, iye n'kumapereka malikisi. Ndinapititsa chithunzi chomwe ndinajambula pa Dune 45, phiri la mchenga lija lili m'mbali mwa msewu pa mtunda wa makilomita 45 kuchokera ku Sesriem, polowera paki yomwe muli Sossusvlei. Ndinalipeza dzuwa litangotuluka kumene, mbali imodzi ikuwala, inayo ili mumthunzi, pakati pali msana wopindika kuchokera pansi mpaka pamwamba. Thambo ndinalisiya lotuwirako, mmene linalili m'mawawo. Woweruza uja anachiyang'ana kanthawi kosakwana n'kumeza malovu komwe, n'kunena kuti thambo mulibe kanthu, kutsogolo kulibe chokopa maso, ndipo chithunzi chikusowa mphamvu. Chotsatira chinali cha doko la ku Durban. Ananena zomwezo. Chotsatira chinali cha galu. Zomwezonso. Pomatha chaka zithunzi za kalabu yonse zinali zitafanana: thambo lakuda bii, mchenga wokhakhala, m'mphepete mwa phiri lililonse muli kamzere koyera mbee komwe Mulungu sanaikepo. Ndipo anthu ankaomberana m'manja, makapu n'kumagawana. Ine ndinangosiya kupitako, ndalama ya umembala inapsa.

Choncho ndinene mosabisa mawu. Munthu amene akukuuzani kuti wonjezerani chakuti asanakufunseni chomwe munkafuna kuonetsa, sakuunika chithunzi chanu. Akukufotokozerani chithunzi chomwe iyeyo akanajambula. Ndipo a kwathu tili ndi matenda ena a mbali inayo, aulemu. Mukaika chithunzi m'gulu la kwathu mudzalandira “zili bho bwana”, “mwatha ntchito”, timoto ndi timitima tambirimbiri, ngakhale chithunzicho chitapendekeka. Awanso sanakuthandizeni kanthu. Ndiye mukandifunsa kuti abwinoko ndi ati, ndisankha wamwano amene waona chinachake, ngakhale mankhwala ake akhale olakwika.

Chifukwa kunena zoona, munthu woyamba uja wa m'gulu la pa Facebook anaona bwino. Zithunzi zanu n'zofookadi. Analakwitsa ndi mankhwala.

Taganizani chomwe chinakugwirani mtima mutaima pa Deadvlei. Pansi pali dongo loyera louma, lomwe linasiyidwa ndi madzi a mtsinje wa Tsauchab nthawi yomwe unkafika kumeneko, mapiri a mchenga asanautsekere njira. Pamenepo paima mitengo ya mtundu wa mthethe yomwe inafa zaka 600 kapena kuposerapo zapitazo, koma siinawole chifukwa malowo n'ngouma kwambiri, inangoda ndi dzuwa. Kumbuyo kwake kuli phiri la mchenga lomwe amalitchula Big Daddy, lotalika pafupifupi mamita 325, lofiirira chifukwa kambewu ka mchenga kalikonse kanakutidwa ndi dzimbiri la chitsulo. Pamwamba thambo la buluu lopanda mtambo. Choyera, chakuda, cha olenji, cha buluu. Kukongola kwa malowo kwagona pa mitundu. Chithunzi cha wojambula Frans Lanting chomwe chinatuluka m'magazini ya National Geographic mu 2011, chija anthu ambiri ankakana kuti si chithunzi koma chojambula ndi penti, chinajambulidwa pomwepo m'bandakucha, phiri litalandira dzuwa dongo likadali mumthunzi. Mphamvu yake ndi olenji uja. Ndiye inu mwapita kumalo omwe amadya ndi mtundu, mwabwerako n'kuchotsa mtunduwo.

Vuto lenileni nali. Olenji wa mchenga ndi buluu wa thambo amasiyana kwambiri m'maso, koma kuwala kwake kumayandikana. Mukangodina batani lochotsa mtundu, zonse ziwiri zimagwera pa kutuwa kofanana, ndipo msana wa phiri umasungunukira m'thambo. Tsono Contrast ntchito yake n'kukankhira zowala kuti ziwale kwambiri, zakuda kuti zide kwambiri. Zomwe zili pakati, zotuwa mofanana, imazisiya pomwepo zili limodzi. Zotsatira zake dongo lapsa mpaka ming'alu yake yasowa, mitengo yasanduka timizere takuda topanda khungwa, koma phiri ndi thambo zikadagwiranabe. Kuli ngati kuwonjezera mchere m'nyemba zomwe vuto lake n'kusapsa.

Akale ankadziwa zimenezi filimu isanalowe n'komwe m'madzi. Ankaveka lenzi ya kamera galasi lamtundu. Galasi lofiira limalola kuwala kofiira kudutsa n'kutsekereza kwa buluu, choncho mchenga umayera, thambo limada. Katswiri wojambula Ansel Adams anachita zimenezo mu 1927 pojambula thanthwe la Half Dome ku Yosemite ku America, ndipo kuyambira pamenepo dziko lonse lakhala likudetsa thambo pomutsanzira, ambiri osadziwa n'komwe kuti akutsanzira ndani. Koma Adams yemweyo, pamodzi ndi Fred Archer, cha m'ma 1940 anakonza njira yogawa chithunzi m'magawo 11, kuyambira chakuda chenicheni mpaka choyera chenicheni, ndipo luso lonse linali pa magawo apakati aja. Omutsanzira a masiku ano anatengako awiri okha, loyamba ndi lomaliza.

Ine amene ndimamukonda pa nkhani ya mchenga ndi Edward Weston, amene anajambula mapiri a mchenga a ku Oceano ku California mu 1936 ndi chikamera chachikulu cha filimu ya mainchesi 8 kwa 10. Mukazifufuze pa intaneti. Zambiri mwa izo thambo ndi kachidutswa chabe kapena mulibiretu. Chomwe chili m'menemo ndi kupindika kwa mchenga ndi mthunzi, basi. Analibe kompyuta. Anali ndi kuwala kochokera m'mbali, ndiponso kuleza mtima koti akudikire.

Apa ndiye pali nkhani yowawa. Mithunzi ya mitengo pa zithunzi zanu ndi yaifupi, yaunjikana patsinde. Munafika dzuwa litakwera kale, ndipo sindikukudzudzulani, chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira. Geti lakunja la ku Sesriem limatsegulidwa dzuwa likatuluka. Kuchokera pamenepo pali makilomita pafupifupi 60 a msewu wa phula, kenako makilomita 5 a mchenga wokhawokha wofunika galimoto ya 4x4, kenakonso kuyenda wapansi kilomita imodzi ndi kanthu. Ogona mkati mwa paki amaloledwa kunyamuka ola limodzi dzuwa lisanatuluke, koma malo amenewo ndi ochepa ndipo amadzaza msanga. Ife oyenda ndi galimoto ya anzathu, ogona kunja kotchipa, timafika kuwala kwabwino kutapita. Dzuwa likakhala pamutu, timafunde ta pamchenga timasowa chifukwa tilibe mthunzi. Anthu amayesa kutibwezeretsa ndi mabatani onolera chithunzi a Clarity ndi Dehaze, ndipo kumeneko ndi komwe kumachokera uve womwe mukuuonawo: kamzere koyera m'mphepete mwa phiri, mchenga wooneka ngati wanyowa. Palibe pulogalamu yomwe ingabwezere dzuwa kum'mawa.

Ndipatukeko pang'ono, pakuti zimandinyansa. M'magulu amenewa mumamvanso zoti mufufute mapazi a anthu pamchenga kuti chipululu chioneke chosakhudzidwa. Dune 45 amakwera alendo ambirimbiri m'mawa uliwonse, mphepo n'kufufuta mapaziwo usiku, mawa ayambirenso. Namib simalo opanda mwini. M'mbali mwa mtsinje wa Kuiseb muli anthu a mtundu wa Topnaar omwe akhala kumeneko kuyambira kalekale, akukolola zipatso za !nara. Muli nyama, muli tizilombo tomwe timamwa nkhungu yochokera kunyanja. Chizolowezi chofufuta munthu kuti malo akongole ndinachionanso pamene nyanja ya Chilwa inauma mu 2018. Kunatuluka zithunzi zokongola za matope ong'ambika ndi mabwato ali pouma, zakuda ndi zoyera, zoti n'kupachika m'hotela, koma msodzi mwini bwatolo, amene analibe chodyetsa ana, sankaoneka paliponse. Madontho a fumbi la mkati mwa kamera fufutani, amenewo si a chipululu, ndipo mukajambula pa f/16, bowo la lenzi litachepetsedwa kwambiri, amaonekera onse m'thambo. Mapazi asiyeni. Ngati akukusokonezani, dulani chithunzicho mwina.

Tsono chochita

Bwererani ku chithunzi choyambirira chamitundu, osati chomwe mwachikonza kale, ndipo ngati munajambula RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera inaona, gwiritsani ntchito imeneyo. JPEG, fayilo ya chithunzi wamba, ili ndi masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, ndiye mukalikoka kwambiri thambo limagawika m'mizeremizere, makamaka likakhala kuti linadutsapo pa WhatsApp. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom pitani pa B&W Mix, kwezani Orange pang'onopang'ono, tsitsani Blue pang'ono, ndipo muime pomwe msana wa phiri wayamba kuonekera. Kamzere koyera kakangotuluka, mwapitirira, bwererani. Pa foni, Snapseed ili ndi galasi lamtundu lomwelo mkati mwa Black & White, ndipo pa kompyuta darktable ndi yaulere. Dongo liyere koma ming'alu izioneka; kamera imakonda kulidetsa, choncho ulendo wina mudzawonjezere kuwala ndi +1 pojambula pomwepo. Mukatero tengani burashi muwalitse pomwe mukufuna diso lifikire, mudetse pang'ono pomwe likuthawira. Contrast ikhale yomaliza, ngati ikufunika n'komwe. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika pakati, gonani, mudzachionenso mawa.

Za ndani woti mumumvere: sankhani munthu mmodzi kapena awiri amene zithunzi zawo mumazisirira, muwafunse pomwe diso lawo lafikira. Akatchula vuto, mverani. Akatchula batani loti mudine, thokozani mwaulemu n'kupitiriza zanu.

Pa zomwe mwanditumizira, chija cha msana wa phiri chomwe munajambula madzulo pobwerera, mbali imodzi ili mumdima, chimenecho ndiye chakuda ndi choyera chenicheni, ndipo n'chomwe m'gulu muja palibe anachiyamikira. Chiduleni thambo lonse lichoke, mukachitsukitse chachikulu. Cha mitengo itatu ya ku Deadvlei chija chibwezereni mtundu wake, chinabadwa cha olenji. Zotsalazo nditumizireni pa imelo momwe zinatulukira m'kamera, pa WhatsApp ayi.