Tayala la kaunjika likaphulika lokha, werengani chaka chake

Funso: Ndili ndi Toyota Corolla yakale, ndimayenda nayo tsiku lililonse kuchoka ku Nchalo kupita kuntchito ku Ngabu. Miyezi itatu yapitayo ndinagula matayala awiri a kaunjika ku Blantyre, mano ake ngati atsopano. Sabata yatha limodzi laphulika masana pa M1, popanda msomali kapena dzenje. Ndigule otani tsopano?

Yankho: Achimwene, tayalalo linali lokalamba. Ndisanalione n'komwe ndikudziwa, chifukwa ikafika Okutobala nkhani imeneyi imabwera pagalaja panga sabata ndi sabata. Anthu mumangoyang'ana mano, chonsecho rabala imauma ndi zaka ngakhale tayalalo lisanayendepo.

Pitani pa linzake lomwe latsalalo. M'mbali mwake fufuzani malemba akuti DOT, mutsatire mpaka kumapeto. Mupeza manambala anayi m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2314, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Ngati sakuoneka, ali mbali yamkati, gwadani muone ndi tochi ya foni. Opanga matayala ambiri amati likakwana zaka 10 lichoke basi, kaya mano alipo. Ine kuchigwa kuno, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo phula limawotcha phazi, loposa zaka 6 sindiveka pagalimoto ya munthu. Wogulitsa akapaka polishi pamalo pa manambala aja, pukutani ndi chala. Mukapeza manambalawo atapalidwa, bwezani ndalama m'thumba. Kenako dinikizani m'mbali mwa tayala ndi chala chachikulu: timing'alu tonga ta chidendene tikatseguka, latha limenelo.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima ndi matayala olembedwa STUDLESS, kapena okhala ndi kachithunzi ka phiri. Amenewo anapangidwira nyengo yachisanu ku Japan, amabwera ndi magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito. Rabala yake ndi yofewa, mano ake ali ndi timizere tambirimbiri tokongola m'maso, koma pa dzuwa la ku Ngabu amadyeka ngati sopo, ndipo mabuleki sagwira bwino potsetsereka ku Thabwa.

Gulani atsopano, ngakhale a kampani yosatchuka, bola chaka chikhale chaposachedwa. Saizi musasinthe; yalembedwa pa kapepala ka pafelemu ya chitseko cha dalaivala, monga 185/70 R14. Nambala yotsatira ndi ya katundu: 88 ndi makilogalamu 560 pa tayala limodzi, ndipo musatsike pa imene yalembedwa, makamaka ngati mumanyamula matumba a chimanga. Pomwe alemba TEMPERATURE sankhani A kapena B. Ndalama zikakwana awiri okha, atsopanowo apite kumbuyo, ndipo musinthe ndi mavalavu omwe.

Mpweya muziyeza m'mawa musananyamuke, ndi geji, osati kumenya tayala ndi phazi. Masana geji ikakwera musaphwetse ayi, ndi kutentha chabe kumeneko. Tayala lochepa mpweya limapindika kwambiri poyenda, limatentha mkati, ndiye limaphulika ngati lanulo. Galimoto yakale ngati imeneyi ikapimidwenso alaimenti tsiku lomwelo, apo ayi atsopanowo adyeka mbali imodzi mvula isanagwe. Linzake la kaunjika lija musaliike ngakhale pa sipeya musanawerenge manambala aja.