Miyezi 9 osalandira, ndiye wina azindiuza kuti boma lilibe ndalama

Achemwali mwanditosa pachilonda. Mng'ono wanuyo, mphunzitsi watsopano, wangotha miyezi inayi osalandira malipiro ndiye mukufunsa ngati asiye ntchito? Ine ndinatha miyezi 9. Ndipo inu ena amene mwayankha pamwambapa kuti "boma lilibe ndalama, tizimvetsa", khalani kaye chete chonde, simunagonepo ndi njala mawa lake n'kumanga taye kukaimirira kutsogolo kwa ana.

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi a IPTE ndinakhala pakhomo zaka ziwiri ndikugulitsa mayunitsi ndi tomato. Posting itatuluka ananditumiza kusukulu yoti ukatsika minibasi ukwerenso kabaza ola lathunthu, mvula ikagwa ndi wapansi, nsapato m'manja. Nyumba ya aphunzitsi inalipo imodzi, ya ahedi. Ine ndi mayi akunyumba tinkachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo. Anandipatsa Sitandade 2, ana oposa 140, pansi pa mtengo wa mango, bolodi yotsamiritsa pa njerwa. Ku koleji ankatiuza kuti mphunzitsi mmodzi ana 60. Mayina a ana ena ndinawadziwa teremu ikutha.

Mwezi woyamba kuofesi ya maphunziro kuboma anati dzina silinalowe pa payroll. Wachiwiri employment number sinatuluke. Wachitatu fayilo yasowa, ndibweretsenso mapepala onse. Ulendo uliwonse wopita kuboma inali ndalama yongongola.

Ndiye kunabwera February, aliyense akudziwa kuti February amakhala bwanji kumudzi. Mwana wanga wa zaka ziwiri anayamba kutentha thupi madzulo, pofika pakati pa usiku akukomoka, maso atatembenuka. M'thumba ndinali ndi K700. Chipatala chapafupi chinali cholipira. Ndinagogoda kwa ahedi, anatuluka atafunda chitenje cha akazi awo n'kundipatsa K2,000, ndi yomwe inatsala m'nyumbamo. Wakabaza anakana kudzuka chifukwa ndinali naye kale ngongole ya maulendo atatu. Mayi akunyumba anabereka mwana, ine kutsogolo ndi tochi ya pafoni, matope mpaka m'mawondo, chimanga mbali zonse, palibe amene ankayankhula ndi mnzake. Titafika anamulandira mwanayo koma anati ndalama ipezeke kukacha. Folo koloko m'bandakucha ndinali pakhomo pa munthu wa katapila, ine mphunzitsi, nditagwada pakhonde. Anandipatsa K20,000 yoti ndibweze K30,000 mwezi ukatha. Ndinamupatsa khadi ya ATM, anaiyang'ana n'kuseka, akuti aphunzitsi khadi iyi ndalama inaionapo? Anatenga satifiketi yanga ya MSCE ndi foni yomwe ija inatiunikira njira.

Mwana anachira, pano ndi mtsikana wamkulu. Koma Lolemba lake ndinapita kuofesi ija maso ali gwa, ndinawafotokozera bambo wina wake zonsezi. Sanadzutse n'komwe mutu. Akuti, "Ndiye inu nokha ndi amene muli ndi mavuto? Bwerani mwezi wamawa." Patebulo pawo panali fomu ya alawansi ya wekishopu ya kunyanja, akuwerengetsera masiku pa kakyuleta. Bambo amenewo ndikawaona lero mumsika ndimakhota. Munthu woti anaphunzitsidwa a e i o u ndi mphunzitsi ngati ine. Mulungu andikhululukire koma sindinawakhululukirebe.

Ndiye musandiuze za kusowa kwa ndalama. Sukulu yaulere inayamba 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo boma lililonse limanyadira chiwerengero cha ana koma likafika pa mphunzitsi limakanda mutu. Nduna ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo imati maphunziro alandira gawo lalikulu, aphungu n'kumamenya matebulo. Inde ndi lalikulu, koma yambiri imangothera malipiro a amene ali kale pa payroll, kwinako kukugawana mayunivesite ndi masekondale, yolembera aphunzitsi atsopano ndi yomangira nyumba zawo imatsala yochepa. Bajeti ya 2024/25 inali pafupifupi K6 thiliyoni, ndipo chiwongoladzanja chokha cha ngongole za boma chinaposa ndalama zonse za maphunziro. Kutanthauza kuti boma nalo lili pa katapila ngati ine, kusiyana kwake iwo satifiketi sawalanda. CDF, ndalama ya chitukuko cha m'madera a aphungu, inakwera kufika K100 miliyoni, kenako K200 miliyoni, palibe amene anauzidwa kuti fayilo yasowa. Za Cashgate ya 2013 ndisayambe n'komwe, BP ingakwere.

Leave grant, kandalama kamodzi pachaka, mpaka tinachita kunyanyala ntchito mu June 2017 kuti tikaone. 2021 tinanyanyalanso nkhani ya risk allowance ya Covid, a bungwe la aphunzitsi la TUM akukambirana uku ife tikutukwanidwa pa wailesi kuti sitikonda ana. Ana ake omwewo ndinkawagulira choko ndi ndalama ya ngongole.

Ma arrears anga anabwera mwa apo ndi apo, msonkho atadula kale, ndipo ina mpaka lero ndikudikira. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, n'kugwanso ndi 44% mu November 2023, ndiye yotsalayo ikadzabwera mwina idzagula thumba limodzi la feteleza.

Koma mng'ono wanuyo asasiye ayi. Ndikudziwa ndalankhula zowawa koma asasiye, kunja kuno kulibe ntchito, ndipo akangojomba masiku angapo adzamulemba kuti anathawa ntchito, zonse n'kuthera pomwepo. Azisayina buku la time tsiku lililonse. Kalata ya posting, kalata yoti anayamba ntchito yodindidwa ndi ahedi, masatifiketi, chitupa cha unzika, nambala ya akaunti, zonsezi apange mafotokope atatuatatu, ndipo wolandira mapepalawo amulembe dzina ndi tsiku m'kope. Adzere kwa ahedi ndi a PEA, alangizi a maphunziro a m'dera, asawadumphe. Kuofesi azilankhula mwaulemu, asatsatire zanga, ngakhale kunena zoona dzina langa linalowa pa payroll mwezi womwe ndinakalipa mpaka alonda kubwera. Katapila asayandikire ngakhale pang'ono, ine K20,000 ija ndinabweza yoposa K70,000, ngakhale popanda munthu uja sindikudziwa kuti mwana wanga bwenzi ali kuti. Alowe banki mkhonde ya amayi a pamudzipo, malipiro akayamba alowe SACCO.

Ndipo inuyo achemwali, m'malo mofunsa pagulu pano, mutumizireni ufa ndi ka bonya mwezi uno. Amakuuzani kuti ali bwino chifukwa cha manyazi, ine amayi anga ndinkawauza zomwezo.