Alamu anu sanabere, koma pali pamene mungawakolere

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba. Akuti Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi amasewera Scrabble, masewera olumikiza zilembo n'kupanga mawu a Chingerezi pabolodi, ndi alamu awo. Tsiku lina alamuwo anaika QI pakabokosi kochulukitsa katatu, n'kukokera mapointi 33 ndi zilembo ziwiri zokha. Atafunsidwa tanthauzo, anangoseka n'kunena kuti "lilimo m'buku". Ndiye bamboyu akufunsa: "Kodi kumeneku si kubera? Nanga ine ndiyambire pati, kuloweza mawu kapena kuphunzira matanthauzo ake?"

Pepani achimwene, mlandu uwu alamu anu awina. Malamulo a Scrabble safuna kuti munthu adziwe tanthauzo la liwu limene waika. Chofunika n'chakuti liwulo lipezeke m'dikishonale imene munagwirizana musanayambe. Ku North America ali ndi mndandanda wawo, pamene mipikisano ya m'mayiko ena ambiri, kuphatikizapo kuno ku Africa, imatsatira Collins Scrabble Words. QI alimo monse muwiri. Ndi liwu lochokera ku Chitchaina, lonena za mphamvu ya moyo imene iwo amati imayenda m'thupi la munthu.

Mukamva za Nigel Richards wa ku New Zealand mupsa mtima kwambiri. Mu 2015 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa, chikhalirecho Chifalansacho sayankhula. Anangoloweza mawu a m'dikishonale ngati manambala a foni. Chaka chomwecho Wellington Jighere wa ku Nigeria anatenga chikho cha dziko lonse cha Scrabble ya Chingerezi ku Perth, ku Australia, n'kukhala munthu woyamba wa ku Africa kutero.

Koma inu ndi ine si Nigel. Mutu wanga sugwira liwu lopanda nkhope, mawa lake limakhala litathawa. N'chifukwa chake ndimati phunzirani mawu pamodzi ndi matanthauzo ake, ndipo yambani ndi timawu ta zilembo ziwiri. Mu Collins tilipo toposa 120, ndipo ndi timeneti timalola munthu kugoneka liwu pambali pa linzake n'kudya mbali ziwiri. ZA ndi chidule cha pizza. XU ndi kandalama kakang'ono ka ku Vietnam. JO ndi wokondedwa m'chiyankhulo cha ku Scotland. AA ndi chiphalaphala cha phiri lophulika chikauma n'kukhala chokhakhala, liwu la ku Hawaii. ZO, amene ali mu Collins yekha, ndi chiweto cha ku Tibet chobadwa kwa ng'ombe ndi yak, nyama yaubweya wambiri yonga ng'ombe. Musavutike kufuna kaliwu ka zilembo ziwiri kokhala ndi V, kulibe.

Q uja amatizunza ife makamaka chifukwa m'Chichewa mulibe, ndipo kusukulu anatiphunzitsa kuti sayenda popanda U. M'thumba la zilembo 100 muli Q mmodzi ndi ma U anayi okha, ndiye mukati mudikire U mungakalambe naye m'manja, ndipo masewera akatha adzakudulani mapointi 10. Sungani QAT m'mutu, masamba aja amatafuna ku Yemen ndi ku Somalia. Sungani QADI, woweruza milandu wa Chisilamu. Ameneyu savuta kukumbukira kwa amene anamvapo dzina loti kadhi.

Tanthauzo limapulumutsanso pa nkhani ya mayina. Mayina a anthu ndi malo saloledwa, choncho MALAWI kapena ZOMBA musayese n'komwe. Koma wina akaika CHINA musathamangire kutsutsa, chifukwa china ndi mbale zadothi zosweka zija amayi amasungira alendo m'kabati. TURKEY ndi nkhukundembo. JAPAN ndi mtundu wa vanishi wakuda. Ine ndinatsutsapo CHINA ndi mtima wonse pamaso pa ana, mpaka lero amandikumbutsa.

Ndipo m'thumba mwanu momwemo muli mawu. KWACHA ndi lovomerezeka, ndipo palokha limapereka mapointi 18 lisanagwere n'komwe pakabokosi ka bonasi. NGWEE ya ku Zambia ilimo. TAMBALA ilimo, ndipo ili ndi zilembo 7, kutanthauza kuti mukaitsitsa yonse kamodzi mumalandira mapointi 50 apamwamba. Ndalama yoti pamsika singagule n'kamchere komwe! BWANA, MBIRA ndi NYALA nawonso alimo.

Ngati mumakondanso ma crossword a m'nyuzipepala, kumeneko ndiye kuloweza kokha sikuphula kanthu, poti funso lenilenilo ndi tanthauzo. Wordle, masewera a pa intaneti olota liwu, imene Josh Wardle anapanga ndipo New York Times inagula mu 2022, imafuna mawu wamba a zilembo zisanu, osati awa achilendowa. Zimenezo tidzakamba tsiku lina.

Tibwerere kwa alamu anu. Munthu woloweza chabe amagwa pa S. Amaona ngati liwu lililonse likhoza kulandira S kumapeto, pamene wodziwa liwulo amadziwa mchira wake. QIS ndi lololedwa, ZAS ndi ZOS chimodzimodzi. Koma XU akachuluka amakhalabe XU, ndipo JO akachuluka ndi JOES, osati JOS. Lamulo lake n'lakuti wina akaika liwu loti m'dikishonale mulibe, inu n'kutsutsa nthawi yomweyo, amachotsa zilembo zake ndipo ulendo umenewo sapeza kanthu.

Ndiye Lamlungu likubwerali musakangane nawo za QI. Gwirizanani za dikishonale musanapatse dzanja m'thumba, muiike patebulo pomwepo. Mpata ukapezeka ikani JO pamalo poti kumapeto kwake pali danga, kenaka muziyang'ana kumbali ngati mwalakwitsa. Alamuwo akakhala ndi S m'manja, sindikukhulupirira kuti apirira.